Dzanja Limene Sindinaloze

Maloto a dzana andisowetsa mtendere. Ndinalota ndikuphunzitsa Sitandade 2, choko chili chonyowa ngati chinangwa choviika, chikukana kulemba. Ana ankayankha, koma mawu osamveka. Pakati pawo panakhala malemu amuna anga, atavala suti yomwe tinawaika nayo, fumbi lili mbuu m'mawondo.

Ali moyo, phunziro lililonse ndinkayamba ndaliyesera pa iwo pakhonde. Ankadzisandutsa mwana wosamva msanga: "Madamu, pamenepo mwandisiya, bwerezani."

M'malotomo anakweza dzanja. Ine ndinati, "Dikirani kaye, bambo, tiwapatseko mpata ena." Anadikira, dzanja lili m'mwamba. Kenako belu linalira, ndinadzidzimuka.

Kodi ankafuna kufunsa chiyani? Lero m'kalasi ndaloza dzanja lililonse lokwezedwa, mpaka phunziro lomwe ndinakonza silinathe.