Mankhwala Omatira Rediyeta

A Mtovu, katswiri wowotcherera marediyeta, anagwada kutsogolo kwa minibasi n'kuyang'ana kabowo kamene kamadontha madzi obiriwira ngati mphuno ya chimfine. Kabowo kachabechabe. Kale akanakatseka uku akucheza.

"Madala, bwanji tingothiramo mankhwala a m'botolo aja?" anafunsa dalaivala. "Akuti amamata okha."

"Amamata okha!" A Mtovu analavula. "Phala limenelo lero limata bowo, mawa mapaipi, mkuja injini yonse. N'za alesi zimenezo, anthu osadziwa n'kogwira sipanala komwe. Pita, ubwere masana."

Mawu amenewa anali atawalankhula zaka makumi atatu, ndipo amene ankawamva kwambiri anali mlamu wawo, wogulitsa mabotolowo pakasitolo ka kutsidya kwa msewu. Munthu wa malaya oyera, zikhadabo zake zosadziwa girisi. A Mtovu ankamuona ngati sing'anga wabodza, ndipo sankabisa.

Dalaivala atachoka, a Mtovu anayatsa moto wowotcherera. Dzanja linayamba zake zija, kunjenjemera kumene anali atakubisa miyezi isanu, ngakhale kwa mayi a kunyumba. Dontho loyamba la mtovu linagwera pambali. Lachiwiri linagwera pansapato. Kachitatu moto unanyambita kapaipi kabwinobwino, kanangotsala pang'ono kubooka. Anazimitsa. Anachita mantha. Minibasi ikatuluka ikudontha, pofika mawa madalaivala onse adziwa kuti a Mtovu atha.

Anawoloka msewu mapazi akulemera.

"Alamu! Kwagwanji?" anatero wa sitoloyo. "Mwabwera kudzatitukwanira pafupi?"

"Ndipatse zonyansa zakozo. Botolo limodzi. Pali chitsiru china chaumirira."

Mlamuyo anatsitsa botolo pashelefu. A Mtovu atatambasula dzanja kuti alandire, botolo linagwedezeka, mankhwala n'kumachita khuchukhuchu m'katimo. Onse awiri anamva. Mlamuyo sanaseke, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kuseka. Anangotenga nyuzipepala yakale n'kulikulunga bwinobwino, kuti odutsa asaone.

A Mtovu anafika pakhomo la sitoloyo, n'kuima. Zilembo za pamabotolo otere zinali zing'onozing'ono, ndipo moyo wawo wonse anali asanawerengepo ngakhale chimodzi. Sanacheuke.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "kodi amathira lonse?"