Chala Changa pa Pulagi

Laputopu ya mu ofesi mwathu ili ndi khalidwe loipa. Kabowo kolowetsa mahedifoni kanakula, ndiye pulagi ikangogwedezeka pang'ono, mawu amachoka m'makutu n'kutulukira pa sipika yam'kati, aliyense n'kumamva. Watson, yemwe amatikonzera makina, anandionetsa kale mozimitsira sipika imeneyo kuti mahedifoni okha azigwira ntchito. Ine ndinangoti ndidzachita mawa, chifukwa masana timakonda kumvetserapo nyimbo za kwaya. Mawa lakelo linatha miyezi itatu.

Ofesi yathu ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa msika wa pa boma. Timathandiza amayi amene akuzunzidwa m'mabanja. Lachiwiri limenelo ndinali ndekha, anzanga atakwera minibasi kupita ku msonkhano ku Mzuzu.

Cha m'ma teni, WhatsApp ya ofesi inalira pa laputopu. Ndinavala mahedifoni. Anali Olivia, mayi wa ku Chikale amene anabwera kawiri kudzadandaula, ulendo wachiwiri diso lili lotupa. Ananena kuti wathawa m'mawa womwewo, foni yake mwamuna waiphwanya, ndipo iyi wabwereka kwa mayi wina wogula usipa amene watsala pang'ono kunyamuka.

"Muli kuti, Olivia? Ndiuzeni, nditumize dalaivala wathu, a Morgan, ndi galimoto."

Koma munthu wolira sayamba ndi chimene wamufunsa. Anayamba ndi zadzulo, mmene anamukokera pansi, mmene ana anakuwira. Ndinamusiya kaye kuti apume.

Apo m'pamene pakhomo panada. Nditadzutsa mutu ndinaona Silas Longwe, mwamuna wake, yemwenso ndi mkulu wa kwaya ku mpingo kwawo, malaya atapisira bwinobwino ngati akupita kukawerenga mawu ku tchalitchi.

"Odi, Ama. Ndingalowe?"

Anali atalowa kale. Ndinatsitsa WhatsApp kuti isaoneke pa sikirini, n'kutseka maikolofoni kuti Olivia asamve mawu a mwamunayo n'kukomoka ndi mantha. Chala chachikulu chakumanzere ndinachikanikiza pa pulagi.

Kudula foni sindikanatha. Mwini foniyo akanangonyamuka, ndipo Olivia akanatsala kumene anali popanda wodziwa. Koma sipika ija dzulo lake tinaikweza mpaka pamapeto chifukwa cha kwaya. Kutsitsa mawu sikukanathandiza, chifukwa pa makina amenewa ukatsitsa uli ndi mahedifoni, watsitsa a mahedifoni okha. Sipika imadikira ndi mphamvu zake zonse.

"Khalani pa benchi, a Longwe. Ndikumvetsera msonkhano wa mabwana, ndimaliza posachedwa."

Sanakhale. Anaima kutsogolo kwa tebulo, manja kumbuyo.

"Mkazi wanga sakuoneka kuyambira m'mawa. Anthu akuti amabwerabwera kuno. Ine ndilibe mawu ndi munthu, Ama. Ndikungofuna mayi wa ana anga."

Mawu ake anali ofatsa, ndipo kufatsa kumeneko kunandikwiyitsa kuposa akanalalata. Ndinali nditaliona diso lija ndi maso angawa.

M'makutu mwanga Olivia anasiya kulira. "A Vanessa? Mukundimva? Halo?" Posamva yankho anayamba kukweza mawu. Kutseka maikolofoni kuja ndinaona ngati nzeru, koma tsopano kunali kumukuwitsa.

"Dikirani ndione m'kaundula ngati dzina lawo lilimo," ndinamuuza Silas.

Ndi dzanja lamanja ndinayamba kufufuza njira ya Watson. Kachizindikiro ka sipika pakona, kenako malo osinthira za mawu. Chala chinkaterera ndi thukuta. Panatuluka maina awiri, ndipo onse ankathera ndi mawu ofanana a Chingerezi. Limodzi linali la sipika, lina la mahedifoni. Ndikanazimitsa la mahedifoni, makinawo akanaponya mawu a Olivia pa sipika nthawi yomweyo, pamaso pa mwamuna wake.

"Kaundula wanu ndi wautali," anatero Silas, uku akuzungulira tebulo.

"Ndi wachinsinsi, a Longwe. Imani komweko."

Ndinayang'anitsitsa. Pambali pa dzina lachiwiri kamzere kobiriwira kankadumphadumpha Olivia akamalankhula. Pa loyamba panali zii. Ndinasankha lopanda kamzerelo, n'kudina pozimitsa. Makinawo anaganiza kaye, monga amachitira nthawi zonse ukakhala pa changu. Sindinadziwe ngati zatheka, ndipo kuyesa kwake kunali kumodzi kokha, kuchotsa chala.

"Mwini foni akuti akupita," anatero Olivia m'makutu mwanga. "Mverani, a Vanessa, ine ndili..."

"Msonkhano wanji womvetsera mukunjenjemera?" Silas anali atafika paphewa panga, fungo la sopo ndi petulo wa injini ya boti lili guu. "Tiyeni timve tonse."

Anagwira waya n'kukoka. Pulagi inathothoka pansi pa chala changa, mahedifoni n'kugwera pamiyendo.

Zii.

Ndinamva wogulitsa nthochi akuitanira malonda panja. Ndinamva kondakitala akukuwa Mzuzu, Mzuzu. Laputopu sinatulutse ngakhale kamphepo. Pa sikirini kamzere kobiriwira kanali katasowa, panangotsala maina awiri aja.

"Mwaona? Mwandidulira msonkhano," ndinatero. "Tsopano tulukani, apo ayi ndiitana anthu a mumsikamu adzaone mkulu wa kwaya akukoka mawaya a mzimayi mu ofesi."

Anayang'ana laputopu nthawi yaitali, khutu atalitchera. Kenako anaika waya uja patebulo mwaulemu, n'kukonza kolala.

"Mukamuona, mumuuze kuti kunyumba kulibe vuto."

Ndinamuyang'ana mpaka anakhota cha ku depoti. Ndinakhoma chitseko, n'kubwezera pulagi, n'kutsegula maikolofoni.

"Olivia?"

"Mayo ine, a Vanessa, munali kuti?" Mawu ake anali atasasa. "Mayi wa foni waima apa akundidikira. Ndakhala ndikukuwa, ndanena kanayi konse! Ndili ku Mwaya, kwa mnzanga Nellie, nyumba ya chitseko chobiriwira kuseri kwa matebulo oyanikapo usipa. Simumandimva?"

Ndinayang'ana timabowo ta sipika, pamene khutu la Silas linali mphindi ziwiri zapitazo.

"Palibe amene anakumvani, Olivia," ndinatero. "Lowani m'nyumba, mutseke chitsekocho. A Morgan akubwera."