Kamsewu Kamene Basi Sinkakhotera

Adalaivala anasiya kuyendetsa basi tsitsi litayamba kuyera, koma dzinalo silinawasiye. Akazi awo okha, amene ankasoka zovala m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba, ndi amene ankawaitana kuti abambo ake mapasa. Iwonso ankabweza kuti amake mapasa, ngakhale mapasawo anali atakula kalekale n'kukamanga mabanja awo.

Njinga inabwera chifukwa cha adokotala. Atawayeza, anawauza kuti thupi lawo linazolowera mpando moti magazi ayamba ulesi, ndiye ayambe kuligwedeza. Zothamanga adalaivala anakana. Anati munthu wamkulu akamathamanga mumsewu, anthu amasuzumira kumbuyo kwake kuti aone chimene chikumuthamangitsa. Choncho anagula njinga yakale yakuda, yolemera ngati geti. Amake mapasa anali nayo kale yawo yobiriwira, yokagulira ulusi ndi mazipi, ndipo m'mawa uliwonse awiriwa anayamba kupalasa limodzi mpaka kumene nyumba zimathera, n'kubwerera dzuwa lisanalimbe.

Tsiku lina akupuma pansi pa mtengo, adalaivala anayamba kufotokoza za kamsewu kena. Anati pamsewu waukulu umene anayendapo zaka zonse zija, ukangomaliza chitunda chachitali, pali kamsewu kafumbi kokhotera kumanzere, kamene kamatsika m'mitengo n'kusowa. Ankakaona popita, ankakaona pobwera, ndipo nthawi zina phazi linkafika lokha pabuleki. Koma basi yodzaza anthu sungaikhotetse chifukwa choti woyendetsa akufuna kudziwa kumene kamsewu kathera.

"Nanga pano mukudikira ndani?" anafunsa amake mapasa. "Wapaulendo wanu ndatsala ndekha, ndipo ine ndavomera."

Kupita ndi kubwera tsiku limodzi mawondo awo sakanalola. Anagwirizana zokagona komweko.

Sabata imeneyo pabalaza panasanduka padepoti. Adalaivala ankalongedza ngati munthu amene anazolowera kuti pansi pa basi pali malo a chilichonse. Anatulutsa matiresi a alendo, mapilo, mpando wopinda, wailesi, poto wamkulu, ndi nsapato zina zosinthira ngati zoyambazo zitanyowa. Zonsezi anazimanga pakaliyala ndi mphira, mulu wake mpaka kuwapitirira msinkhu. Atangochotsa dzanja pahandulo kuti apukute thukuta, njinga inatukula tayala lakutsogolo m'mwamba n'kukhala pansi ndi katundu yense. Poto anagubuduzika mpaka pageti.

Amake mapasa anaseka mpaka anatsamira khoma. Mpweya utabwerera, anakhazikitsa lamulo lakuti chimene munthu akuchifuna achinyamule yekha, ndipo pachitunda pasadzapezeke wina wopempha mnzake kuti amulandire. Mpando unabwerera m'nyumba nthawi yomweyo. M'malo mwa poto munalowa kaketulo. Wailesi inalimbalimba masiku angapo, kenako nayo inakakhala pamalo pake pashelefu.

Kenako mayiwa anatenga tepi yawo n'kuyeza njinga zonse ziwiri ngati makasitomala ofuna suti. Anaona kuti pakati pa felemu pali malo a ngodya zitatu amene amangodutsa mphepo, ndipo ngati zolemera zitakhala pamenepo, njinga singachitenso zimene inachita ija. Anasoka chikwama cholowa ndendende m'malomo, cha pampu, masipanala, zigamba za chubu ndi chakudya. China anachisoka chachitali, chozungulira, chomangirira kuhandulo, cha zofunda. Kachitatu kanali ka pansi pa chishalo, ka zovala. Nsalu yake inachokera ku jekete lakuntchito la adalaivala, lolimba, losalowa madzi, limene linkangodya malo m'kabati. Sizasi italowa, mwini wake anayang'ana kumbali. Koma atapeza kuti thumba lake la pachifuwa, ndi zipi yake yomwe, latsala pambali pa chikwamacho kuti azisungamo foni, anakhala akulitsekula ndi kulitseka tsiku lonse.

Mwana wawo wamkazi, mmodzi wa mapasa aja, atamva za ulendowu anafika ndi mafunso odzaza dengu. Anafunsa za njoka, za mvula, za msana wa abambo ake, ndiponso zimene anthu adzanene. Mwamuna wake ndiye anakondwera. Anabwera ndi tenti yaing'ono imene anagula kalekale koma osagonamo, ndi timphasa tiwiri ta siponji topyapyala. Mkamwiniyo anagwada pabwalo n'kuonetsa apongozi ake mmene ndodo za tentiyo zimalumikizirana n'kupindika ngati uta.

Lamlungu masana anaimika tenti pabwalo pomwepo kuti ayese kagonedwe. Adalaivala ndi amene anayamba kulowa. Anagona chagada, mapazi n'kutsala panja, pamene akazi awo anali m'nyumba kukatenga mabulangete. Mayi wina wa kuseri kwa mpanda, neba wawo, anangoona mapazi a mwini nyumba akusuzumira m'tenti pabwalo pake pomwe. Posakhalitsa anatulukira atavala bwino, nkhope ili ndwii, n'kuwakokera amake mapasa pambali. Anayamba kuwalangiza motsitsa mawu kuti banja ndi kupirira, ndipo mwamuna ngakhale alakwe chotani satulutsidwa m'nyumba dzuwa likuswa mtengo. Adalaivala anamva zonse ali mkatimo. M'malo mowongola nkhani, anabuula momvetsa chisoni kuti anebawo awonjezere malangizo.

Choonadi chitadziwika, anebawo anabwerera akuseka, ngakhale zinkaoneka kuti nkhani yoyamba ija inawakomera kuposa yachiwiriyi. Amake mapasa anakwawa n'kulowa nawo m'tenti.

Munali mothina. Chichokereni mapasa pakhomopo, adalaivala ankagona kuchipinda cha anawo. Sikunali kukangana ayi. Ankadzuka kusanache kuti akatenge basi, komanso mkonono wawo unkamveka ngati basiyo ikukwera phiri, ndiye anaona kuti n'kwabwino kuti wosoka azipeza tulo tokwanira. Ntchito inatha, koma chizolowezi chinatsala, ndipo panalibe amene anayambitsa zoti chisinthe. Tsopano anali atagona phewa ndi phewa, akuyang'ana nsalu ikuwala ndi dzuwa pamwamba pa mphuno zawo. Onse anali ndi kamanyazi ngati anthu ongodziwana kumene. Amene anayamba kulankhula anali adalaivala, ndipo zimene ananena n'zakuti chiuno chikuwawa.

Madzulo omwewo amake mapasa anang'amba khushoni yakale n'kudula siponji yake zidutswa ziwiri, zongokwana kuyambira paphewa kufika m'chiuno, poti miyendo siidandaula. Bulangete lililonse analipinda pakati n'kulisoka kumapazi ndi m'mbali kuti likhale ngati thumba, mphepo isapeze polowera. Za pilo anati kachikwama ka zovala kaja kakwanira. Za mapazi otsala panja anati mwini wake aphunzire kupinda mawondo.

Ananyamuka Lachisanu m'mawa. Njinga zinkayenda mwakachetechete, popanda chogwedera kapena cholira. Pamsewu waukulu mabasi ankawadutsa ndi mphepo yake, ndipo ina inaliza hutala mwachisangalalo. Woyendetsa anali kondakitala wawo wakale. Adalaivala anamukwezera dzanja monyadira, njinga n'kupepesuka pang'ono, akazi awo kumbuyo n'kuwakumbutsa kuti chiwongolero ichi chimafuna manja onse.

Chitunda chija anachikwera wapansi, akukankha. Adalaivala ankadabwa kuti chinatalika liti, poti kale ankachimaliza ndi kungosintha giya. Ankaima, kumwa madzi, kuyang'ana kumbuyo, n'kuyambanso. Atafika pamwamba, malaya atamatirira kumsana, kamsewu kaja kanali pomwepo, kumanzere, ndi udzu pakati pake. Kumbuyo kunalibe galimoto iliyonse, koma adalaivala anatambasulabe dzanja lamanzere mwaulemu wonse, n'kukhota.

Anatsetsereka m'mitengo mabuleki akulira, mphepo yozizira ikuwaumitsa thukuta. Kununkhira kwa masamba onyowa kunawafika phokoso la madzi lisanamveke. Kumunsi anapeza mtsinje wosazama woyenda pamiyala, kamlatho kachitsulo kongokwana ngolo imodzi, ndi kanyumba ka njerwa kokhala ndi makina opopa madzi. Pakhomo pake panakhala mlonda wachikulire ndi galu wake. Kunalibe china. Amake mapasa anayang'ana nkhope ya amuna awo, poopa kuti zaka zonse zija ankayembekezera zoposa izi.

Adalaivala anaimika njinga, n'kuyenda mpaka pakati pa mlathowo. Anagwira chitsulo chake, anayang'ana madzi kumtunda ndi kumunsi.

"Kani kuli mlatho," anatero, akumwetulira mano onse panja.

Mlondayo anawalandira bwino. Anawasonyeza pamalo pa udzu wofewa, pokwera pang'ono kuti madzi akadzuka asawapeze, ndiponso kutali ndi njira ya linthumbu. Anamasula zikwama. Tenti inatuluka, zikhomo zinatuluka, chingwe chinatuluka. Ndodo sizinatuluke. Amake mapasa ankadziwa kuti zamangiriridwa kufelemu ya njinga yakuda. Adalaivala anakumbukira pomwepo kuti dzulo lake anazimasula pothira mafuta kutcheni, n'kuziimika kuseri kwa chitseko, poganiza kuti zilowa m'chikwama cha zofunda. Anayang'anana. Kenako mayiwa anati vuto ndi lamulo lawo lija, chifukwa silinanene kuti chinthu chimene onse akuchifuna anyamule ndani.

Adalaivala anayenda mozungulira tenti yoyalidwa pansiyo, dzanja lili kuchibwano. Kenako anatembenuza njinga zonse ziwiri kuti ziime pachishalo ndi pahandulo, matayala m'mwamba, ina kumutu ina kumapazi. Anakoka chingwe kuchokera panjinga ina kufika painzake, n'kuzikokera kunja ndi zikhomo kuti zisagwere mkati. Mfundo zake zinali zija anaphunzira akadali kondakitala, pomanga katundu padenga la basi, ndipo zala zinazikumbukira zokha. Amake mapasa anasolola singano imene sinkachoka pachipewa chawo, n'kusokerera timakutu tansalu padenga la tenti kuti chingwe chidutsemo. Atakoka, tenti inadzuka. Inali yopendekeka, yokhala ndi linunda ngati ng'ombe yogona, koma inaima. Mlonda anaizungulira ndi galu wake n'kugamula kuti imeneyi ndiye nzeru, chifukwa wakuba njinga ayenera kunyamula nyumba ndi eni ake omwe.

Anawiritsa madzi pakasitovu, n'kumwa tiyi ndi buledi ndi mazira owiritsa, mlonda ali nawo limodzi. Atatha anakakhala pamwala mapazi ali m'madzi, mpaka udzudzu unawauza kuti nthawi yakwana. Analowa m'matumba awo a mabulangete mdima ukungoyamba. Amake mapasa anali atakonzeka kuchezera ndi mkonono, koma kutopa ndi phokoso la mtsinje zinawatenga asanaumve n'komwe.

Mayiwa anadzidzimuka dzuwa litagunda kale nsalu ya tenti, madontho a mame akutsetsereka kunja kwake. Pansi pa chiuno chawo panali pofewa modabwitsa. Atapapasa anapeza zidutswa za siponji zili ziwiri, chawo ndi cha amuna awo, osadziwa kuti chinacho chinafika nthawi yanji. Adalaivala anali akadali m'tulo, mawondo atapinda monga anauzidwira, kukamwa kuli yasa. Mayiwa sanakumbuke kuti ndi liti pamene anawaonapo ali m'tulo kunja kutayera. Anangogona cham'mbali n'kumawayang'ana.

Patapita nthawi adalaivala anatsegula maso, n'kufuna kudzambatuka.

"Gonani, abambo ake mapasa. Kulibe basi ikukudikirani."

Anabwerera pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana chingwe chimene chinagwira denga usiku wonse, anamvetsera madzi, kenako anakonza pakhosi.

"Kuchipinda cha ana kuja kumazizira, mukudziwa."

"Anakutsekerani chitseko ndani?" anayankha amake mapasa. "Mubwere ndi bulangete lanu lomweli. Mkononowo tidzaupezera mtsinje."

Anaseka mpaka tenti inagwedezeka, njinga yobiriwira n'kupendekera mkati, galu wa mlonda n'kuyamba kuuwa.

Akuyanika tenti pachitsulo cha mlatho kuti mame aume, anafunsa mlonda kuti kutsidyako kamsewu kamapita kuti. Iye anati kamakwera pang'ono, kamadutsa m'minda ya zipatso, n'kukatulukira pakamsika kamene pali mayi wina wophika buledi amene anthu amamulondola ndi mphuno. Kupitirira apo kuli dambo lalikulu loti munthu ukhoza kugonapo bwinobwino. Adalaivala anangoyamba kupopa tayala limene silinkafuna mpweya. Akazi awo anamanga zikwama, anayesa mabuleki, n'kutsegula zipi ya thumba lija kutulutsa foni.

Mwana wawo anayankha isanaitane kawiri. Anafunsa ngati ali moyo, ngati msana wa abambo uli bwino, ngati anamwa mankhwala, ndiponso kuti afika nthawi yanji kuti awaphikire. Amayi ake anamuuza kuti onse ali bwino, aphike za banja lake lokha, ndipo amuuze mwamuna wake kuti ndodo za tenti zili kuseri kwa chitseko, zikupuma.

"Ndiye mubwera liti, amayi?"

"Buledi akatithera," anatero amake mapasa.

Anatseka foni, anatsanzikana ndi mlonda, ndipo anakankha njinga yawo kukwera pamlatho. Adalaivala anawatsatira pambuyo, akununkhiza kale mphepo yochokera kutsidya.