Mzere wa Udzu wa Kutchire

Pamalo ofufuzira mbewu, kuseri kwa Msongwe, ndinagwira ntchito zaka ziwiri. Adokotala a Tamara, omwe ankatsogolera kafukufuku wa tirigu, anandisankha chifukwa manja anga sanjenjemera ndipo sindilankhulalankhula.

Tirigu wake anali wolimba uja amapangira supageti. Kuno amagwidwa chiwau, masamba n'kufiira ngati dzimbiri. Ndiye adokotala anabweretsa njere za udzu wa kutchire wochokera kunja, mbale wake wa tirigu, umene chiwau sichiugwira. Njerezo zinali zongokwana mzere umodzi. Ntchito yanga inali kutenga mungu wa udzuwo n'kuuthira pa ngala za tirigu, imodziimodzi, kuti ana ake atengere kulimbako. Udzuwo unali wonyansa ndithu, wowonda, waminga, wogwera uku ndi uku. Koma ndinkaudziwa phesi lililonse.

Lachiwiri kunabwera uthenga wakuti mawa lake kukubwera alendo akuluakulu. Adokotala anapita kukawachingamira ku Lilongwe. Aliyense anapatsidwa chochita: ena kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, ena kusesa. A Misheck, kapitawo wathu, anaima pa mzere wanga atagwira m'chiuno.

“Iwe Zikani, tchire ili alendo alione? Tenga chikwakwa.”

“Si tchire, adada. Ndi mbewu ya adokotala. Mungu wake sunakhwime wonse.”

“Ukuti chiyani? Kweza mawu, ukulankhula ndi nyerere?”

Anthu opaka laimu anaseka. Ndinabwereza, koma mawu anatuluka ochepa kuposa poyamba.

“Ine ndalima pano usanabadwe,” anatero a Misheck. “Fomu Folo yakoyo ndiye indiphunzitse kusiyanitsa udzu ndi mbewu? Tchetcha, mwana wanga, dzuwa likupita.”

Foni ya adokotala ndinali nayo nambala yake. Ndinagwira foni yanga m'thumba, n'kuganiza mmene onse angandiyang'anire ndikuimba pamaso pa munthu wamkulu. Ndinatulutsa dzanja, ndinalandira chikwakwa. Mzere wonse unatha msanga kuposa kumwa tiyi. A Misheck anauza mayi wina kuti awole udzuwo akautenthe.

Mawa lake alendo anafika ndi magalimoto atatu. Adokotala anawatsogolera molunjika kumene kunali mzere uja, akufotokoza m'Chingerezi, akumwetulira. Kenako anasiya kulankhula. Anayang'ana ziputu, anayang'ana ine.

“Wachita ndani?”

A Misheck anavula chipewa. “Mnyamata wanu yemweyu, amama. Ife za sayansi sitizidziwa. Akanatiuza.”

“Zikani, unkadziwa kuti ndi chiyani?”

“Eya.”

“Ndipo watchetcha ndiwe?”

“Eya.”

Anadikira kuti ndiwonjezere. Ndinkamva mawu ali pakhosi, onse, m'ndondomeko yake. Opaka laimu aja anali chapomwepo, akuyang'ana nsapato zawo.

Mlendo wina wonenepa, amene sanamve zomwe zinkachitika, anagwira a Misheck dzanja n'kuyamikira ukhondo wa pamalopo.

“Yewo chomene, bwana,” anathokoza a Misheck m'Chitumbuka.

Madzulo anandiuza kuti ntchito yatha, ndisiye magambuti ndi ovolosi ku sitolo ya pamalopo. Wolandira katundu anatembenuza gambuti yakumanzere, napeza pong'ambika, n'kundifunsa ngati ndinaipeza choncho. Ndinati ayi. Ndinayenda wapansi mpaka kwathu ku Masasa nditavala masilipasi, ndipo amayi atandifunsa mmene alendo anayendera, ndinati bwino.