Matayala Awiri Akumbuyo a Ramiro

Herminia Cárcamo anawaona matayalawo mwezi wa Meyi, chisanu chisanalimbe, ndipo analankhula tsiku lomwelo. Sanali munthu wosunga mawu m'mimba. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankayendetsa minibasi yonyamula ana a sukulu ya mkaka m'zitunda za mzinda wozizira wa Ushuaia, ndipo palibe mwana wa munthu amene anadzilumapo ngakhale lilime m'galimoto yake. Chaka chilichonse Epulo akamatha ankaika matayala anayi amisomali, oti aziluma msewu madzi akaundana. Anzake ena ankakonda aja ofewa opanda misomali, ati sasokosa pa phula. Iye ankati phokoso silinaphepo munthu.

Nyumba yake inali kumunsi kwenikweni kwa mtsetse, pamene msewu umakhota. Kumtunda kunkakhala Ramiro Ledesma, bambo wa mwana mmodzi, wochokera kumpoto kotentha, amene anabwera chaka chapitacho kudzagwira ntchito kufakitale yopanga mawayilesi akanema.

"Aneba, mwaika amisomali awiri okha kutsogoloku," anatero Herminia ataima pafupi ndi galimoto yofiira ya Ramiro. "Kumbuyoku mwasiya wamba, osalala ngati mbale."

Ramiro anaseka uku akupukuta galasi. "Galimoto iyi imakoka ndi kutsogolo, mayi. Akumbuyo amangotsatira ngati ana."

"Ana osagwidwa dzanja ndi amene amathamangira pamsewu."

"Wogulitsa matayala ndiye anandiuza kuti awiri akukwana."

"Wogulitsa matayala sakhala kumunsi kwa mtsetse uno. Ndimakhalako ndine."

Loweruka lina mu Juni mvula inagwa pamwamba pa chipale chofewa, kenaka kunazizira koopsa, msewu wonse n'kuuma ngati galasi. Cha m'ma leveni koloko, kunja kutayera bwino, bambo ake a Herminia, a Eleuterio, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu, anatuluka ndi chidebe cha mchenga kukawaza pageti. Herminia anali kukhitchini akudula anyezi. Sanamve mabuleki, chifukwa pamadzi oundana galimoto imabwera mwakachetechete. Anangoona pawindo chinthu chofiira chikutsetsereka cham'mbali, kenaka cham'mbuyo, pang'onopang'ono, mpaka chinafika pampanda. Nsanamira ya geti inathyoka n'kuwagwetsa bambo ake.

Pamene Herminia ankatuluka, mpeni udakali m'manja, Ramiro anali atatsika. Ndipo anayamba wazungulira kumbuyo kwa galimoto kukaona nyali yake yosweka. Sanachedweko, anathamangira kwa mkuluyo nthawi yomweyo, nkhope itachita thukuta m'chisanu chonsecho. Koma Herminia anali ataona kumene maso ake anayambira.

Kuchipatala anapeza kuti mkono wamanja wa mkuluyo wathyoka pawiri. Anawaika chikhakha kuyambira m'zala mpaka kupitirira chigongono. Madzulo atabwerako anamupeza Ramiro akuwadikira pageti logwa lija, chipewa chili m'manja.

"Pepani kwambiri, mayi. Ndi ngozi. Msewuwu lero unali woterera kwa aliyense."

"Lero pamtsetse pano patsika galimoto zambiri, bambo Ledesma. Pampanda panga pafika imodzi."

Analowa n'kutseka chitseko. Anawavula bambo ake jekete, kuwadulira nyama tizidutswatizidutswa ngati wakhanda, n'kumaona dzanja lamanzere likulimbana ndi supuni. Munthu amene anameta nkhosa zaka makumi anayi, lero msuzi ukumutayikira pachifuwa.

M'mawa mwake anasuzumira kumtunda. Galimoto yofiira inali pamalo ake, itayang'ana kumunsi, matayala akumbuyo ali omwe aja. Lolemba idzatsikanso, nthawi imene iye amakhala akukweza ana awiri a pakhomo loyandikana nalo.

Anaika jeke, sipanala ndi zipika ziwiri za nkhuni m'wilibala, n'kukwera nazo chitunda, akuponda m'mbali mwa msewu momwe munali chipale chofewa. Sanagogode kwa munthu. Anagwada pa katoni, namasula manati, nakweza galimoto, nachotsa tayala lamanzere, n'kuikapo chipika. Anali pakati pa lachiwiri pamene chitseko chinatseguka.

"Mayi Herminia, mukutani?"

"Uli ndi maso."

Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe. Ramiro anatsika masitepe atavala masilipasi, n'kutsala pang'ono kugwa.

"Imeneyo ndi galimoto yanga. Simungangobwera pakhomo pa munthu n'kuyamba kumasula zinthu."

"Dzulo unabwera pakhomo panga n'kumasula mkono wa bambo anga. Unagogoda?"

"Ndapepesa kale. Mpanda ndikonza, ndanena."

"Mpanda ndi matabwa. Ndinakuuza mu Meyi, ndi pakamwa pangapa, iwe n'kumandiseka ngati ndikukugulitsa mankhwala a mphutsi." Nati lomaliza linagwera m'chipale, iye n'kulitola osamuyang'ana. "Wakhala kuno nyengo yachisanu imodzi yokha, ukudziwa kale kuposa ife amene tinaika anzathu m'manda chifukwa cha msewu."

"Ndiitana apolisi."

"Aitane. Ndiwadikira pompano. Ndiwaonetsa tayala ili, iwe uwaonetse chikhakha."

Apo n'kuti Noelia, mkazi wa Ramiro, ataima pakhomo, mwana ali m'manja atamukulunga bulangeti. Herminia ankayembekezera kuti amunyoza, ndipo yankho anali atalikonza kale. Koma Noelia analankhula ndi mwamuna wake.

"Usaitane aliyense, Ramiro. Ukuganiza kuti n'chifukwa chiyani ndimapita wapansi kusikelo ndi mwanayu? Sabata yatha paja galimotoyi inatizungulira pafupi ndi pogulitsa buledi paja, unati ndisauze munthu."

Herminia anaimirira, mkwiyo utamubwerera mwatsopano.

"Ndiye kuti inakuchenjeza kale galimotoyi."

Anakweza matayala awiriwo m'wilibala n'kutsika nawo, akuwakanikiza ndi thupi kuti asamukoke. Anawatsekera m'shedi mwake ndi loko.

Masiku khumi Ramiro ankatsika wapansi kukakwera basi ya kufakitale, akugwira mipanda ya anthu. Akadutsa pageti la Herminia ankapereka moni, koma moniwo unkagwera pansi. Anthu a mumsewuwo anagawikana. Ena ankati mayiyu wachita bwino, ena ankati kumeneko ndi kuba basi, kaya akutchule dzina lanji. Mayi wina wa mwana wa m'minibasi anamufunsa monong'ona ngati n'zoona kuti anamuopseza Ramiro ndi mpeni. Herminia anati mpeniwo unali wa anyezi, koma sanalimbikire kutsutsa.

Chomwe chinkamupsetsa mtima kwambiri chinali m'nyumba mwake momwe. A Eleuterio analibe naye chifukwa Ramiro.

"Mwana wanga, munthu wobadwira kotentha chisanu amachiphunzira ndi thupi. Inenso ndinagwetsapo lole m'ngalande."

"Munagwetsa lole, ababa, simunagwetse munthu."

"Unali mwayi chabe."

"Ndiye ine ndikhale chete mpaka mwayi wa ana aja uthe?"

Tsiku la khumi ndi limodzi, Lachinayi masana, Ramiro anafika atanyamula matayala awiri atsopano, limodzi phewa lililonse. Herminia anawagubuduza pansi, nayendetsa chala pamisomali, nawerenga chaka chimene anapangidwa, nakanikiza mphira ndi chikhadabo. Anali abwino. Zinamukwiyitsa pang'ono kuti anali abwino.

Anatsegula shedi. Anapita naye pa minibasi kwa wokonza matayala kuti akawalowetse m'malimu a matayala akale aja. Atabwerako anamusiya amange yekha, iye ataima pambali manja ali m'thumba. Ramiro anaika lamanzere kumanja.

"Pali muvi pambalipo. Ukuloza kumene tayala likuzungulira. Masula."

Ramiro anamasula n'kuwasintha.

Atamaliza, Herminia anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pampando wa wokwera. "Tsika nayo."

Manja a Ramiro anagwira chiwongolero ngati akuchikama. Galimoto itangoyamba kutsetsereka phazi lake linathamangira pabuleki.

"Chotsa phazi. Giya yoyamba, injini ikugwirire. Buleki uziikhudza pang'onopang'ono, osaiponda ngati njoka. Maso kumene ukufuna kupita, osati pampanda panga."

Misomali inkaluma madzi oundana ndi kaphokoso konga mchenga m'chiwaya. Anafika pokhota paja, galimoto n'kukhota bwinobwino, kumbuyo kukutsatira. Ramiro anaimitsa, natulutsa mpweya wautali.

"Zikomo, mayi Herminia. Ndikanakumverani poyamba paja."

"Ukanandimvera." Anatsika. Asanatseke chitseko anawerama. "Loweruka ubwere ndi nyundo udzakonze mpanda. Ndipo nkhuni za bambo anga uziwaza ndiwe mpaka chikhakha chichoke. Sizoti ndakukhululukira ayi, kungoti ine msana ukundipweteka."

Atalowa m'nyumba anawapeza bambo ake akulimbana ndi chitini cha mapichesi, atachipana ndi mawondo, chotsegulira chili kudzanja lamanzere. Madzi ake anali atadontha kale pathalauza.

"Bweretsani kuno, ababa."

"Ndatsala pang'ono."

Anawalanda chitinicho, nachitsegula mwamphamvu mpaka chivindikiro chinapindika, n'kuwathirira m'mbale.