Madzi Amene Si Madzi

Aikande anapeza mpunga wake utayamba kufiira, nthaka itang'aluka ngati zidendene za m'chilimwe. Anatsatira ngalande kulowera kumtunda mpaka anafika pamene mlamu wake Elisante anatchinga madzi ndi matumba a mchenga.

Madziwo ankatuluka m'maiwe oyeretsera zonyansa za m'tauni ya Moshi. Anali obiriwira, a kafungo ndithu, koma mpunga unkawakonda, wosafunanso feteleza. Chimwalirire mwamuna wake, Aikande ankadyetsa ana ndi madzi omwewo.

"Alamu, maiwe aja mwagula liti?"

Elisante sanaweramuke n'komwe. "Wakumtunda ndiye amayamba kumwa, alamu. Ndikakhuta ndikutsegulirani."

"Mimba yanuyo ndinaiona pamaliro a akulu anu. Siikhuta."

M'mawa mwake Aikande anakwera njinga yamoto kupita ku ofesi yoona za madzi. Kumeneko mayi Mshana, amene ankalandira madandaulo, anamumvetsera mpaka anamaliza.

"Watchinga pati? Ngalande isanalowe mumtsinje, kapena italowa?"

"Isanalowe."

"Vuto lili pamenepo, mayi. Pamalamulo, zotuluka m'maiwe muja si madzi othirira. Ndi zotayidwa, zili paulendo wopita kumtsinje. Palibe amene ali ndi gawo pa zimenezo, kaya inu, kaya alamu anuwo. Zikasakanikirana ndi mtsinje m'pamene timazitcha madzi, n'kupereka chilolezo."

"Komatu ndi omwewo. Fungo lake silisintha."

"Ndikudziwa. Mpunga wa kwanuko inenso ndimadya." Mayi Mshana anatsitsa mawu. "Dandaulo lanu ndikhoza kulilandira. Koma tikabwera sitidzachotsa matumba okha. Tidzatseka mifuleni yonse, ndipo a zaumoyo adzabwera nafe."

Aikande anaganizira mabanja onse otsatira ngalande ija, amayi amene ankaokera nawo mpunga, madzi ali m'mawondo.

"Ndiye kuti wandibera chinthu chomwe si changa."

"Chomwenso si chake."

Aikande anathokoza, n'kutuluka osasiya dandaulo.

Anapeza Elisante pansi pa mtengo wa mango, akudya nthochi yootcha.

"Ndikuchokera ku ofesi ya madzi, alamu."

Elisante analeka kutafuna. "Nkhani ya pachibale mwapita nayo kuboma?"

"Ndimangofunsa. Akuti madzi athuwa si madzi, ndi zonyansa, ndipo tonse tikuthirira mozemba. Ndikangodandaula atseka ngalande yonse. Ine ndevu zanga zapsa kale, ndilibe chotaya. Mpunga umene wamasula bwino ndi wanuwu."

"Simungachite zimenezo. Anthu onsewa adzadya chiyani?"

"Adzafunsa inu, eni matumba."

Elisante anayang'ana munda wake nthawi yaitali. Kenako anataya khoko la nthochi, anapinda buluku, n'kulowa m'ngalande. Anakoka matumba aja limodzilimodzi, akung'ung'udza kuti akazi a akulu ake analidi nkhutukumve kuyambira kale.

Aikande sanamuuze kuti mtima wodandaula anausiya ku ofesi komweko. Anayenda pambali pa madzi aja mpaka analowa m'munda mwake. Mbali yakumtunda inatsitsimuka sabata isanathe. Yakumunsi inali itafa kale, ndipo anaimwetera ng'ombe.