Msana wa a Goodson

Lackson atamaliza sukulu ya mishoni, Teleza, mayi wake, analetsa amuna ake, a Goodson, kumuberekanso kumsana. Mnyamatayo anabadwa wolumala miyendo, ndipo a Goodson ankamubereka kulikonse, ngakhale popita kukasamba kumtsinje.

Kutacha, Teleza anaponya ndodo ziwiri zansungwi pamphasa ya mwana wake.

"Dzuka. Ku nazale ya tiyi amapalira mbande atakhala pansi. Manja uli nawo."

A Goodson anaima pakhomo, maso ali psuu. "Mwapenga kodi, amake Lackson? Kapitawo akabwera kudzatenga anthu a thangata timubisa m'nyumba, tinena kuti akadali mwana."

"Mwana wandevu?" Teleza anatsonya. "Mudzamubisa ngati mbuzi yakuba mpaka liti?"

Lackson anatuluka ndi ndodo zija akutukwana chamumtima, koma asanafike ndi pankhokwe pomwe anagwa chafufumimba m'matope. Atate ake anathamanga, nagwada, namupatsa msana monga mwa masiku onse. Teleza anawakankhira kumbali. Nkhope anaiumitsa gwa.

"Chokanipo apa," anatero motsitsa mawu. "Msana wanuwo ukadzagona m'manda, mwanayu adzakwera chiyani?"